Boti la petulo la limoti: sankhani thupi kaye, injini ibwere pambuyo

Sabata yatha ndinalandira imelo ya m'bale wina wa ku Johannesburg, akuti waseweretsa kaboti ka batire zaka ziwiri ndiye pano mtima uli pa la petulo. Akufunsa ngati atenge catamaran (boti la miyendo iwiri pansi) kapena mono (la thupi limodzi), komanso ngati agule injini yowonjezeredwa mphamvu kapena ya wamba. Akuti pa damu lomwe amapitalo masana mphepo siyisowa.

Achimwene, nkhani yonse yagona pa mphepoyo. Catamaran imathamanga zedi sindikana, koma imadalira mpweya wodutsa pansi pake pakati pa miyendo iwiri ija, ndiye ikakumana ndi mphepo ili pa sipidi mphuno imadzuka, mukangophethira basi yagadabuzika. Hydro, boti la mpikisano lomwe limangokhudza madzi pang'ono likamathamanga, ndiye musayiganizire n'komwe panopa, imafuna madzi osalala ngati m'beseni ndi munthu wodziwa kusetinga. Mono ya deep vee, yomwe pansi pake pali ngati V, imang'amba mafunde m'malo modumpha pamwamba pake, ndipo mukalakwitsa pokhota imakukhululukirani. Tengani imeneyo, ya fibreglass, yotalika mainchi 48 mpaka 55, ndiye kuti mita ndi kachidutswa. Yaifupi kuposa apo injini ya petulo imayilemera ndipo mphamvu ya pulopela imayipendeketsa mbali imodzi.

Injini sindizungulira, Zenoah G260PUM, ya 26cc, two stroke, yozizira ndi madzi omwe boti limatunga lokha likamayenda. Ndi imene anthu ambiri a masewerawa amayambira, ku America mabungwe a maboti a limoti a NAMBA ndi IMPBA ali ndi mipikisano ya injini zosasinthidwa, ndiye ma sipeya ake, pistoni, ma gasket, za kabuleta ya Walbro, sizivuta kupeza. Yowonjezeredwa mphamvu ija idikire kaye. Imafuna paipi ya ekizozi yogwirizana nayo, pulopela yoyenera, komanso khutu lomva ngati mafuta akuchepa, ndipo khutu limenelo limabwera ndi nthawi. Ine ndinapsereza pistoni chifukwa chotseka kwambiri singano ya kabuleta pofuna kuti lilire mokweza, linathamanga bwino mphindi zochepa kenako zii pakati pa damu, potsegula ndinapeza pistoni yakandikakandika mbali ya ekizozi. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalama yake ndinasunga miyezi.

Musasokoneze ndi injini za nitro, zija zimamwa methanol ndipo mafuta ake ndi odula. Iyi ndi petulo wa pa filling station wosakaniza ndi oyilo wa two stroke, malita 25 a petulo pa lita 1 ya oyilo, oyilo wabwino osati wa mtchipa.

Poti ndi boti loyamba ndingakonde muyike kilatchi, kuti injini izilira boti lili phee m'madzi, popanda iyo pulopela imazungulira injini ikangoyaka ndipo mumachita kuliponya m'madzi, zala zili pafupi ndi chitsulo chakuthwa. Poyika zinthu mkati, yesetsani kuti boti likhazikike pa malo a pafupifupi 30 peresenti ya utali wake kuchokera kumbuyo, mukhoza kuyesa poligoneka pa mpini wa tsache. Shafuti ya kota inchi yozunguza pulopela muziyisolola ndi kuyipaka girizi tsiku lililonse mukamaliza.

Ziwiri izi ndiye chonde musanyozere. Kill switch yozimitsa injini siginolo ya limoti ikatayika, chifukwa boti lolemera chonchi likathawa lokha likhoza kuvulaza mwana amene ali m'mphepete. Komanso mudzadze ma pool noodle, masiponji aatali oyandama omwe amasambira nawo, kutsogolo kwake ndi pansi pa chivindikiro kuti likagubuduzika liziyandama. Ndipo likazima pakati musasambire kukalitenga, pitani ndi kabwato kapena ndodo ya mbedza yokhala ndi mpira wa tenesi. Mukagula thupilo nditumizireni chithunzi cha kumbuyo kwake tiwonere limodzi poyika rudder, chitsulo chokhotetsera boti.