Fayilo ya pa intanetiyo isiyeni kaye, achimwene

Achimwene a ku Luchenza, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi Subaru Forester ya turbo, SG5 yochokera ku Japan, mwapeza fayilo pa intaneti yomwe akuti imaonjezera mphamvu, ndipo mukufuna kuilowetsa nokha mu kompyuta ya injini popeza odziwa ntchitoyi ali kutali komanso amatchaja zambiri. Mwafunsa kuti mugule chingwe chanji. Za chingwe ndikuuzani, koma fayiloyo ndikupempheni kuti musailowetse. Kuchuna nokha, kutanthauza kusintha manambala a mu kompyutayo, n'kotheka ndithu, ine ndimachita pa yanga kuno ku Thyolo, koma poyambira pake si pamenepo.

Kompyuta ija, ECU, ili ndi ntchito zitatu zazikulu: imaona kuchuluka kwa petulo wolowa mu injini, nthawi yomwe pulagi iyatse moto, ndi kuchuluka kwa mpweya womwe turbo ikankhe, womwe timautcha boost. Zonsezi zinalembedwa m'matebulo a manambala. Munthu amene anapanga fayilo mwapezayo anasintha manambala amenewa ali ndi galimoto yake, petulo wa kwawo ndi nyengo ya kwawo. Mwinanso galimoto yake ili ndi paipi ya utsi ina, turbo ina, kapena ECU ya nambala yosiyana ndi yanu. Za Luchenza iye sakuzidziwa.

Chimene chimapha injini za turbo ndi knock. Apa tisasokoneze ndi mmene timanenera kugalaja kuti "injini yanoka", kutanthauza kuti yauma, yafa. Knock imene ndikunena ndi pamene petulo waphulika yekha mu silinda m'malo moyaka bwinobwino kuchokera pa pulagi. Kuphulikako kumamenya pisitoni ngati hamala. Pa injini za Subaru za mtundu wa EJ, monga yanuyo, malo amene amayamba kusweka ndi timizere ta pisitoni togwira maring'i. Mukatero mumayamba kuona utsi wabuluu, oyilo kumatha osadziwa kolowera, ndipo pamapeto pake injini imanokadi mmene timanenera muja. Choopsa n'chakuti knock yambiri khutu siliimva, makamaka mutatsegula wailesi ndipo msewu uli wa mabampu. Imayamba chifukwa cha petulo wa octane yochepa (octane ndi nambala yoonetsa mmene petulo amapirira osaphulika yekha), mpweya wotentha, mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya, kapena moto woyatsidwa msanga. Fayilo iliyonse yoonjezera mphamvu imakankhira injini kufupi ndi zimenezi dala, chifukwa mphamvu zimakhala kumeneko.

Tsono taganizirani za petulo wathu. Galimoto yanuyo ku Japan inapangidwira petulo wapamwamba, wa octane yapakati pa 98 ndi 100. Kuno mukafika pomwetsera mafuta petulo ndi mtundu umodzi, palibe kusankha. Petulo wathu amasakanizidwanso ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol payekha si woipa, amathandiza ndithu kuletsa knock, koma amafuna mafuta ambiri kuti ayake bwino: petulo weniweni amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, pomwe ethanol amafuna pafupifupi 9 okha. Mukamayenda pang'onopang'ono kompyuta imadzikonzera yokha kudzera mu sensa ya pa paipi ya utsi. Mukaponda mpaka pansi imadalira kwambiri zimene zinalembedwa m'tebulo, ndiye ngati tebulolo linalembedwera petulo wina, injini ikumwa mopereŵera pa nthawi imene ikufuna kwambiri. Onjezerani apo masiku aja mafuta akasowa, tonse timathamangira a m'zigubu, ena obwera cha ku Muloza, osadziwa kuti akhala nthawi yaitali bwanji padzuwa kapena athiramo chiyani. Pa galimoto yosachuna, kompyuta ili ndi mpata wodziteteza, imachedwetsa moto ikamva knock. Fayilo yanuyo ikadya mpata umenewu, chigubu chimodzi choipa chikwanira.

Kutentha nakonso musakuchepetse. Intercooler ya Forester, yomwe imaziziritsa mpweya wochokera ku turbo, ili pamwamba pa injini, pansi pa chibowo cha pa boneti chija. Mukaima pamzere ku Limbe imawotcha moti simungaigwire, ndipo mukangonyamuka n'kuponda, injini imameza mpweya wotentha. Galimoto imene mwaichuna mu June, kuli chiperoni, mukukwera Bvumbwe m'mamawa, idzaoneka ngati zonse zili bwino. Yomweyo mu October masana, mutatsikira ku Chikwawa mutanyamula banja lonse ndi matumba, ndi nkhani ina. Ine ndimachuna poganizira tsiku lotentha kwambiri ndi petulo woipitsitsa amene ndingathire, ngakhale izi zikutanthauza kusiya mphamvu zina.

Ndinaphunzira movutika. Zaka zapitazo munthu wina anandilowetsera fayilo yotereyi, akuti imagwira pa Subaru iliyonse. Masabata oyamba galimoto inkathamanga mokoma kwambiri. Tsiku lina ndikukwera kuchoka ku Luchenza kupita ku Thyolo boma inangotsamwa, kenako utsi. Titatsegula tinapeza pisitoni imodzi itasweka pa maring'i. Galimoto inakhala pa miyala miyezi yambiri ndikusaka ndalama ya injini ina, ndipo nthawi imeneyo mayi anga ankafunika kupita kuchipatala pafupipafupi. Zimenezi sindifuna zikuonekereni.

Ndiye yambani ndi thanzi la galimoto. SG5 yomaliza inapangidwa cha m'ma 2007, ndiye yanuyo yatumikira kale. Yezetsani compression, mphamvu yopanikiza mpweya, pa masilinda onse anayi. Ikani mapulagi atsopano oyenera, osati ongofanana kukula. Sinthani fyuluta ya petulo, ndipo pampu ya petulo ngati ndi yomwe inabwera nayo, muiganizire, chifukwa pampu yotopa imapereŵeza mafuta pamene boost yakwera. Tsukani sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndi mankhwala ake, musaikhudze ndi chala. Fumbi la misewu ya m'minda ya tiyi limaidetsa, ndipo ikada imauza kompyuta kuti mpweya ndi wochepa pomwe uli wambiri. Onani mapaipi onse a mpweya ngati sakudontha, redieta, ndi lamba wa timing. Anthu ambiri akachita zokhazi amapeza kuti mphamvu zomwe ankazisaka pa intaneti zinangobisala m'zinthu zotha.

Tsopano za chingwe. Pa Subaru za zaka zimenezo chodziwika ndi Tactrix OpenPort 2.0, chimalowa pa soketi ya OBD2 ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero. Mapulogalamu ake ndi aulere: EcuFlash yowerengera ndi kulembera kompyuta, ndi RomRaider yosinthira matebulo komanso kujambula zomwe injini ikuchita mukuyenda. Tizipangizo totchipa ta ELM327 tolumikiza ku foni tija ndi tothandiza kuwerenga chimene chayatsa nyali ya check engine, koma sitilemba kanthu, ndipo pa galimoto zina za ku Japan sitilankhulana nazo n'komwe. Zingwe zokopera zilipo zambiri ndipo mtengo wake umakopa. Zojambulira mukhoza kupirira nazo, koma zolembera ayi, chifukwa chingwe chikaduka mawu pakati pa ntchito kompyuta imatha kufa. Chinthu china chomwe ambiri amachizemba chifukwa cha ndalama ndi wideband, geji yokhala ndi sensa yakeyake pa paipi ya utsi, yoonetsa ngati injini ikumwa mokwanira. Sensa ya galimoto siidalirika pamene turbo yakankha. Ngati ndalama ya wideband palibe, nthawi yochuna sinakwane.

Chingwe chikafika, mwezi woyamba musalembe chilichonse. Werengani fayilo imene ili mu kompyuta yanu, muisunge malo atatu, pa laputopu, pa flash, ndi pa imelo. Onani nambala ya ECU yanu ngati RomRaider ili ndi matanthauzo ake, fayilo yosonyeza pomwe tebulo lililonse lili, poti galimoto zina za ku Japan zilibe, ndipo kugwiritsa ntchito a galimoto ina ndi kusintha manambala mumdima. Kenako jambulani maulendo anu a tsiku ndi tsiku. Muziyang'ana IAM, nambala yoonetsa mmene kompyuta ikukhulupirira petulo wanu: pa makompyuta akale imafika 16, pa atsopano imafika 1.0. Ikakhala pansi pa pamenepo, injini ikukuuzani kuti ngakhale ndi fayilo ya ku fakitale ikuvutika kale. Muzionanso feedback knock correction ndi fine learning knock correction, manambala oonetsa mmene kompyuta yachedwetsera moto chifukwa cha knock. Manambala a minus obwerezabwereza pamalo amodzi pamene mwaponda ndi knock imene khutu lanu silinamve. Pa wideband, boost ikakwera mukufuna kuona cha m'ma 11 mpaka 11.5, ndiwo magawo a mpweya pa gawo limodzi la mafuta. Ikaonetsa 13 mutaponda mpaka pansi, chotsani phazi pompo.

Ndikuganiza kuti mukajambula chonchi mudzapeza zomwe ine ndinapeza pa yanga: kuti ntchito yoyamba yofunika pa galimoto za ku Japan kuno ndi kuichuna kuti igwirizane ndi petulo wathu. Kuchedwetsa moto digiri imodzi kapena awiri pamalo pomwe knock ikuonekera, kuonetsetsa kuti mafuta akukwana, boost kuisiya mmene ilili. Chodabwitsa n'chakuti galimoto imakoka bwino kuposa kale, chifukwa kompyuta yasiya kudzibweza m'mbuyo nthawi zonse. Musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, pang'ono, mujambule, muyerekeze ndi dzulo. Za kuonjezera boost mudzaziganizire pambuyo pake, IAM itakhazikika pamwamba kwa masabata angapo, nyengo yotentha itakupezani. Ndipo ngati yanuyo ndi ya otomatiki, kumbukirani kuti giyabokosi nayo yakalamba.

Tsiku lolemba, batire ya galimoto ikhale yodzaza, nyali, wailesi ndi fani zonse zozimitsa. Laputopu ikhale ndi batire yakeyake yabwino, musadalire magetsi a pakhoma omwe angathime muli pakati. Musagwedeze chingwe, musatembenuze kiyi mpaka pulogalamu itanena kuti yatha. Kompyuta ikafa, kupeza ina yofanana nambala si masewera, ndipo pa galimoto zokhala ndi immobiliser, choletsa injini kulira ndi kiyi yachilendo, iyeneranso kulumikizidwa ndi makiyi anu.

Palinso nkhani ya msewu, ndipo iyi imandikhudza kuposa za pisitoni. Kujambula kumafuna kuti muponde mu giya yachitatu kuchokera cha pa 2500 rpm kupita m'mwamba. Msewu wathu wa Limbe kupita ku Muloza mukuudziwa: akabaza, ana asukulu, amayi osenza nkhuni, othyola tiyi poŵeruka, mbuzi. Pa Chonde, pa Chitakale, pa Bvumbwe musayesere dala. Sankhani chitunda choongoka chopanda nyumba m'mbali, poti pokwera injini imalemedwa liŵiro lisanakwere kwambiri, ndipo musapyole malire a liŵiro chifukwa chofuna manambala. Laputopu agwire mnzanu pampando wa pambali, inu maso pamsewu. Mabuleki ndi matayala zikhale bwino musanayambe zonsezi. Ainshuwalansi anunso muwauze mukasintha mphamvu za galimoto.

Funso limodzi simunayankhe m'uthenga wanu: kodi galimotoyi ndi imene imadyetsa pakhomo? Ngati ndi yomwe mumapangira hayala kapena kupititsira katundu kumsika, malangizo anga ndi oti muikonze bwino, mujambule kuti mudziwe mmene ilili, koma zolemba muzisiye. Ngati mungathe kukhala osayenda nayo mwezi osavutika, phunzirani ndithu, ntchitoyi ndi yokoma ukaimvetsa. Mukapeza chingwe, tumizani pagulu pano nambala ya ECU yanu ndi zomwe mwajambula ulendo umodzi wochoka ku Luchenza kukafika ku Thyolo boma masana kukutentha, tidzaone limodzi chimene IAM ikunena.