Orvieto tsiku limodzi? Imvani zanga kaye

Mayi, mwafunsa ngati tsiku limodzi lingakwane kukaona Orvieto, mzinda wa ku Italy. Likwana, koma osati mmene anatichitira ife ayi. Mpaka lero ndikamva dzina la Orvieto bondo langa limayambanso kuwawa.

Tinanyamuka ku Rome m'mawa pa basi, gulu la kutchalitchi. Mzindawo unakhala pamwamba pa thanthwe, mbali zonse phompho, ndipo anthu akale otchedwa a Etruscan ankakhalapo Aroma asanatchuke n'komwe. Wotitsogolera, bambo wina wolongolola ngati wailesi, anatipatsa maola awiri okha. Ola lathunthu anatitsekera mu shopu ya mbale zadothi ya mnzake, mwachionekere amadyapo. Duomo, tchalitchi chimene anayamba kumanga mu 1290, tinangodutsamo ngati akutithamangitsa. Mmenemo ndi mmene amasunga kansalu ka paguwa kamene amati magazi anadontherapo ku Bolsena, tauni yapafupi, mu 1263, ndipo Papa Urban IV anakhazikitsa chaka cha Thupi ndi Magazi a Khristu ali mumzinda womwewu mu 1264. Bamboyo osatchulako! Ndinachita kumva kwa sisitere wina tikutuluka kale.

Ndiye ine ndi mtima wangawu ndinati chitsime chokha ndichione, Pozzo di San Patrizio. Anachikumbitsa Papa Clement VII atathawa ku Rome mu 1527, poopa kuti adani akazinga mzinda madzi adzasowa. Kuya mamita 53, masitepe 248, njira ziwiri zopota, yotsikira ndi yokwerera, kuti abulu otunga madzi asamakumane. Kutsika kunali kokoma, kozizira bwino, kuwala kukulowera pa timazenera. Pansi pali kamlatho, m'madzimo makobili amene anthu amaponya ali mbuu.

Pokwera ndiye ndinaziona. Ndisanafike n'theka lomwe bondo linangoti thi! Ndinakhala pansi pa sitepe yonyowa, thukuta kamukamu, chitenje chitamatirira, azungu akundilambalala ndi "scusi, scusi". Foni netiweki zii. Ndinakwera chokwawa, kuwerenga sitepe imodziimodzi ngati ndikupemphera kolona. Ndikutuluka, basi yapita. Yapita! Wotitsogolera uja anawerenga mitu, kuona kuti wasowa mmodzi, n'kuuza dalaivala tiyeni. Ndikumuimbira akuti, "Mayi, nthawi ndinanena." Mulungu amuone yekha.

Chinandipulumutsa ndi funicolare, kangolo kokokedwa ndi chingwe kotsikira ku siteshoni, kali pafupi pomwepo ndi chitsimecho. Sitima ya ku Rome ndi ola limodzi ndi mphindi pang'ono. Ndinalira mpaka pa siteshoni ya Orte.

Ndiye pitani pa sitima, magulu awa asiyeni. Koma mukhale ndi mnzanu, kuyenda nokha ayi. Bondo ngati limavuta chitsimecho musatsike, ngakhale kunena zoona mukapanda kutsika ndiye mwapitiranji. Ndipo mu Duomo mukandionereko zojambula za Luca Signorelli za tsiku lachiweruzo, ine ndinangoona ziwanda ziwiri bamboyo akuomba m'manja kuti tizipita.