Bismarck inatumidwa kukatani kodi?

Wina wandilembera imelo kufunsa ngati Bismarck, sitima yankhondo ya Ajeremani, inali dolo pa sitima zonse zankhondo za pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Achimwene, funso limeneli ndi lomwe linandichotsetsa pa gulu lina la WhatsApp. Kunali mkulu wina kumeneko, m'mawa Bismarck, madzulo Bismarck, mavidiyo a pa YouTube osatha, ndiye ine ndinangofunsa kuti kodi inamiza sitima zingati za katundu, eee anthu anandilusira ngati ndatukwana, adimini osafunsa n'komwe anangondichotsa ndipo mpaka pano sanandibweze.

Koma yankho lake ndi ziro. Mu May 1941 Ajeremani anaituma kukasaka sitima zonyamula katundu wopita ku Britain pa Atlantic. Inde pa 24 May inamiza Hood, sitima yankhondo ya Angelezi, mwa anthu 1,418 anapulumuka atatu okha, zimenezo sindikana. Koma pa 26 ndege zachikale za Swordfish zinaphwanya chiwongolero chake, pa 27 inamira, ulendo umodzi wokha basi ntchito imene inatumidwa osaigwira. Ndipo ndikamalemba chonchi ndikuona kuti ngakhale mnzake Tirpitz anaiposa. Tirpitz inangokhala ku Norway, koma mu July 1942 Angelezi chifukwa choiopa anauza gulu la sitima za katundu lotchedwa PQ 17 kuti zibalalike, 24 mwa 35 zinamizidwa ndi ndege ndi masabumarini, iyo osawombera ngakhale kamodzi.

Za Yamato ya ku Japan musandiyambitse. Mizinga ya masentimita 46, kukula koopsa, koma kuwombera sitima za adani kunachitika ku Samar ku Philippines mu October 1944 basi, mu April 1945 ndege za America zinaimiza ikupita ku Okinawa.

Nanga dolo ndani?

Kwa ine ndi Warspite, gogo wa ku Britain. Pa nkhondo ya panyanja ya ku Jutland mu 1916 inalipo, inamenyedwa kwambiri koma inabwerera. Ku Narvik ku Norway mu April 1940 inatsogolera gulu limene linamaliza madisitoloya (sitima zankhondo zocheperako, zaliwiro) 8 a Ajeremani, ku Calabria inalasa Giulio Cesare, sitima yankhondo ya ku Italy, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 24, ku Salerno ku Italy bomba la Ajeremani lotchedwa Fritz X linaiboola koma mu June 1944 inali ku Normandy ikuwomberabe.

Ndiye mukamayeza sitima, funsani kuti inatumidwa kukatani, inachita kapena ayi, ndipo adani anataya zingati poiopa. Kukula kwa mizinga siyirani a pa gulu lija.