Jekete yopita nayo kokasaka ku Lupande

Achimwene, mwafunsa za jekete yoteteza ku mphepo ndi mvula yoti muvale kokasaka ku Lupande, kufupi ndi Mfuwe. Yambani ndi mtundu wake. M'chigwa cha Luangwa muli akashembe ambiri, ndipo amathamangira chovala cha buluu kapena chakuda. Tengani khaki kapena yobiriwira ngati masamba a tsanya.

Renikoti ya pulasitiki ija iwalani. Imangoti khwaa khwaa mukakhudza kanthambi, nswala n'kuthawa musanaione n'komwe. Imasunganso thukuta. Ine ndinaivalapo mu Novembala mvula yoyamba ikugwa, ndinanyowa mkati kuposa kunja! Mukapita pa salaula (zovala zogwiritsidwapo kale ntchito) ku msika wa Saturday Market ku Chipata, funafunani yolembedwa Gore-Tex, chifukwa madzi salowa koma thupi limapuma. Muitembenuze muone timatepi tomata m'misoko. Ngati tayamba kumatuka, isiyeni, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo.

Mu Juni ndi Julayi mvula kulibe, chovuta ndi kamphepo ka m'mamawa muli kumbuyo kwa galimoto. Juzi mkati, jekete yopepuka pamwamba, zipi yofika pakhosi. Dzuwa likakwera mungovula n'kuipinda m'chikwama. Ndikhulupirira chilolezo chosakira cha DNPW, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, munatenga kale.