Musathamangire kulemba "gluten-free" pa menyu yanu

Achemwali, mwafunsa kuti muziphika chiyani pamalo anu atsopano ogulitsira khofi kuti anthu osadya gluten (puloteni ya mu tirigu) nawonso azipeza chomwera khofiyo. Ine ndingati maphikidwe abwere pambuyo. Yambani mwadzifunsa ngati mungathe kuteteza chakudyacho ku ufa wa tirigu kuchokera kukhitchini mpaka chifike patebulo.

Anthu amene adzakufunseni za gluten si amodzimodzi. Ena anangosankha kuisiya, kapena amatupidwa akadya buledi wambiri. Ena ali ndi matenda a celiac, omwe amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse. Kwa amenewa gluten, puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi rye, imachititsa chitetezo cha thupi kuwononga m'kati mwa matumbo aang'ono, ndipo chithandizo chake n'kuisiyiratu moyo wonse. Poti simungadziwe poyang'ana nkhope kuti amene waima pakauntala ndi uti, konzekerani wodwalayu. Muyezo wa Codex Alimentarius, womwe ndi wa zakudya padziko lonse, umati chakudya chotchedwa gluten-free (chopanda gluten) chisapose mamiligalamu 20 a gluten pa kilogalamu imodzi, ndipo malire a European Union ndi a FDA, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America, nawonso ali pa 20 pomwepo. Nyenyeswa zochepa chabe za buledi wamba zikagwera pa keke yanu, malirewo mwawadumpha kale.

Apa ndi pamene malo ambiri amalakwitsa. Keke amaiphika bwinobwino ndi ufa wa mpunga, kenako n'kuidula ndi mpeni womwe wangodula sikono, kapena kuiika pansi pa shelefu yomwe ikuyoyoka nyenyeswa. Ufa wa tirigu ukasefedwa umauluka n'kudzatera pa chilichonse chosavindikira. Sefa, thabwa lodulira ndi masipuni a mtengo zimasunga ufa m'ming'alu ngakhale mutatsuka. Toaster ndiye musayese n'komwe kugawana, pokhapokha mugule ina yapadera. Ngakhale batala amene mwapisamo mpeni wopakira buledi wamba saloledwanso.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti poyamba musaphike nokha. Pezani ophika amene khitchini yawo simulowa tirigu, muzigula zinthu ziwiri kapena zitatu zokutidwa chilichonse pachokha, ndipo kasitomala azitsegula yekha. Zina muzisunga mufiliza, chifukwa zophika zopanda gluten zimauma msanga ndipo simudziwa kuti zidzayenda bwanji miyezi yoyambirira. Phindu pa chimodzi lichepa ndithu, koma mudzagona tulo.

Mukadzafuna kumaphika nokha, sankhani zomwe chiyambire sizifuna tirigu, monga keke ya chokoleti yopanda ufa, keke ya ma almond kapena macaroons a kokonati. Zimenezi aliyense amagula, osati odwala okha, choncho sizikhalitsa pashelefu. Kungochotsa tirigu mu resipi ya masikono n'kuikamo ufa wina kumatulutsa zinthu zonyenyeka, poti gluten ndiyo imagwirizanitsa mtanda. Mufunika xanthan gum, kaufa kogwirizanitsa mtanda m'malo mwa gluten, ndi kuyesa kangapo. Muziphika zimenezi m'mawa thumba la tirigu lisanatsegulidwe, ndi ziwiya zakezake za mtundu wina kuti wantchito asasokoneze, ndipo zophikazo muziziika pashelefu yapamwamba penipeni, zovindikira, ndi chopanira chakechake. Kumbukirani kulemba kuti muli ma almond, chifukwa ena thupi lawo silifuna zimenezo.

Musaiwale zakumwa. Khofi payekha alibe gluten, koma mkaka wa oats ungakhale nayo, chifukwa oats nthawi zambiri amasakanikirana ndi tirigu kumunda ndi kuchigayo. Gulani wolembedwa gluten-free, apo ayi jagi ndi kapaipi ka nthunzi kotenthetsera mkaka zidzapatsira makapu ena. Werengani lebulo ya ufa wa chokoleti ndi ya masirapu, mukaona mawu akuti malt dziwani kuti kawirikawiri ndi balere. Kabisiketi kaulere kamene mumaika pambali pa kapu nako musamangoika osafunsa.

Chomwe ndikuchimva kwambiri mumtima ndi nkhani ya antchito. Munthu wa celiac amaika thanzi lake m'manja mwa mnyamata kapena mtsikana wapakauntala. Aphunzitseni kuti kuyankha kuti "sindikudziwa, dikirani ndione lebulo" n'kololedwa, koma kungoti "ee, mulibe" pofuna kugulitsa n'koletsedwa. Sungani malebulo onse mufayilo imodzi pafupi ndi kauntala, ndipo muzionanso mukasintha kogula. Funsaninso akuluakulu oona za chakudya kwanuko zomwe malamulo amafuna pa zolemba zotere. Ngati khitchini ndi imodzi ndipo simungatsimikize, lembani zoona pamenyu: "Zophikidwa popanda tirigu, koma m'khitchini momwe timagwiritsanso ntchito ufa wa tirigu." Wodwala akawerenga zimenezo asankha yekha, mwina atenga chokutidwa chija.