Funsani Amisiri: Ana a Sitandade 6 ndi kamangidwe kosamala chilengedwe

FUNSO: Amisiri, ndimaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Mzuzu. Ndikufuna ana anga adziwe kamangidwe ka nyumba kosawononga chilengedwe, koma ndikalemba pa bolodi amangondiyang'ana. Zipangizo tilibe. Ndiyambire pati? Mphunzitsi, Chibavi.

YANKHO: Aphunzitsi, choko muyambe mwachisiya, mutuluke nawo panja anawo. Ine ntchitoyi ndinaiyamba ndi kuponda matope ku Mchengautuwa, ndipo dothi ndinalidziwa ndi manja ndisanadziwe dzina lake m'buku.

Gulu lililonse libweretse botolo loonekera mkati. Athiremo dothi kufika pakati, adzaze madzi, akhutchumule, alisiye pawindo. Mchenga ukhala pansi nthawi yomweyo, dothi losalala litsatira, makande adikha pamwamba mwina mawa lake. Apo mwana waona yekha chifukwa chake njerwa ina imang'aluka ikauma: makande achuluka.

Sabata yotsatira aumbe tinjerwa, chikombole chake bokosi la machesi, amange tinyumba tiwiri. Kena kakhale pa maziko a timiyala, denga la katoni lotuluka bwino ngati khonde. Kachiwiri kangokhala pa dothi, denga lothera pakhoma penipeni. Tikauma, tengani chitini chobowolabowola pansi, mugwetse mvula pa tonse tiwiri. Musalankhule kanthu. Muona khoma la kachiwiriko likunyowa m'munsi, likufewa, mpaka gumu! Mwana wa ku Masasa amene anamvapo za nyumba zimene zinagwa ndi mvula ya mu Epulo 2016 sasowa womumasulira. Kuno kwathu kwa mvumbi, chimapha khoma ndi madzi, ochokera kudenga ndi okwera kuchokera pansi. Nyumba yogwa imamangidwa kawiri, nkhuni zootchera njerwa n'kupitanso kawiri.

Nkhuni zimenezo ndiye pamene mtima wanga umawawa. Ndinaotchapo mauvuni ambiri, ndipo ndikadutsa ku Chikangawa n'kuona mapiri ali mbee, kapena ndikayang'ana ku Kaning'ina kumene kumasunga madzi a damu la Lunyangwa, ndimadziwa kuti amisirife tili ndi mbali yathu. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. M'malo mwake pali mabuloko a simenti ndi njerwa za SSB: dothi losefa, simenti pang'ono, kutsindira ndi makina, kenako kumazithirira pamthunzi mpaka zitakhwima. Moto palibe. Pemphani mmisiri wapafupi abwere ndi njerwa imodzi, ana aiviike m'ndowa pamodzi ndi chidina, aone imene iyambe kusungunuka.

Masamu alowemonso. Mvula ya milimita 1 ikagwa pa denga la sikweya mita 1 imapereka lita 1. Ayeze denga la kalasi yawo ndi chingwe, awerengere ndowa zimene zimangotayika n'kumakumba maziko.

Chimodzi ndikupempheni. M'kalasi mwanumo muli ana amene yunifolomu yawo inagulidwa ndi ndalama ya uvuni. Musawachititse manyazi. Bambo awo amalidziwa dothi kuposa tonsefe, ndiye muwaitane iwowo tsiku la mabotolo lija, adzafinye dothi m'manja, awauze ana limene lingagwire khoma.