Masabata awiri ku India popanda kampani yoyendetsa alendo: yankho kwa mayi wa ku Zomba

Mayi wina wa ku Zomba, mphunzitsi wa sekondale, wandilembera imelo. Akuti iwo ndi amuna awo akhala akusunga ndalama kuti akaone India pa tchuthi cha Disembala. Ali ndi masabata awiri, ndipo sakufuna kudzera ku kampani yoyendetsa alendo chifukwa mitengo yake yawakulira. Malo amene alemba ndi Delhi, Taj Mahal, Jaipur, Varanasi, mapiri a Himalaya, Mumbai, Goa ndi Kerala. Akufunsa ngati n'zotheka kukonza okha ulendo wotere, komanso ayambire pati.

Mayi, n'zotheka ndithu, ndipo anthu ambiri amayenda choncho chaka ndi chaka. Chimene chandidetsa nkhawa ndi mndandanda wanuwo. Malo amenewo ndi a miyezi iwiri. India ndi wamkulu kuposa Malawi pafupifupi maulendo 28, ndipo kuchoka ku Delhi kukafika ku Kerala pa sitima mumagona m'njira usiku uwiri. Pa masiku anu 14, awiri athera m'ndege, poti palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Chileka n'kukatera ku India osasintha: mudzera ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines kapena ku Nairobi ndi Kenya Airways. Tsiku loyamba kumeneko lidzakhala lotopa, nthawi yawo ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukaumirira malo onse asanu ndi atatu, mudzabwerako mutaona masiteshoni ndi mabwalo a ndege, miyendo itatupa, ndalama zitathera pa mayendedwe.

Ndiye tiyeni tidule. Himalaya achoke kaye: mu Disembala kumtunda kumagwa chipale, misewu ina imatsekedwa, ndipo zovala zake n'zina. Goa achokenso, chifukwa kuyambira Khirisimasi mpaka chaka chatsopano mitengo ya mahotela kumeneko imakwera koopsa. Otsala agaweni pawiri. Sabata yoyamba ikhale ya Delhi, Agra kumene kuli Taj Mahal, ndi Jaipur. Mizinda itatuyi yayandikana, uliwonse uli pa mtunda wosafika makilomita 300 kuchokera pa unzake. Sabata yachiwiri musankhe malo amodzi okha: Varanasi kapena Kerala.

Ndikanakhala ine, mu Disembala ndikanasankha Kerala, ndipo chifukwa chake ndi nyengo. Kumpoto kwa India mwezi umenewu ndi Januwale kumazizira, usiku ku Delhi kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'mawa kumagwa chifunga chambiri chimene chimachedwetsa sitima ndi ndege maola angapo. Mpweya wa mu Delhi nawo umakhala wautsi kuyambira Novembala, moti ngati wina mwa inu ali ndi mphumu, musachedwemo. Pamenepo kum'mwera kumakhala kofunda bwino, mvula yaikulu ya monsoon imene imayamba ku Kerala chakumayambiriro kwa Juni itatha kale. Mukatera ku Kochi. Ku Fort Kochi kuli tchalitchi cha St Francis kumene anayamba kuika maliro a Vasco da Gama atamwalira mu 1524, mafupa ake asanatengedwe kupita ku Portugal. Akhristu ku Kerala ndi ambiri, Khirisimasi mudzaichita ndi anthu, nyenyezi zapepala zitapachikidwa pa makomo. Ku Alappuzha mutha kugona usiku umodzi m'boti lokhala ngati nyumba, likuyenda m'ngalande pakati pa minda ya mpunga ndi mitengo ya kokonati, amaboti akukuphikirani nsomba. Ku Munnar kuli mapiri a tiyi, ndipo inu amene mukudziwa Thyolo ndi Mulanje mudzakhala ndi chofanizira. Koma hotela zake musungitse msanga, nyengo ya Khirisimasi imadzaza kumenekonso.

Varanasi sindikumunyoza. Ndi mzinda wopatulika kwa Ahindu, pa mtsinje wa Ganga, ndipo mwambo wa nyale wa madzulo pa Dashashwamedh Ghat, masitepe otsikira kumtsinjeko, ndi chinthu chimene munthu saiwala. Kuchokera ku Delhi sitima ya Vande Bharat imatenga maola pafupifupi 8. Koma ndi malo opanikizana, ndipo mitembo amaiwotcha poyera pa Manikarnika Ghat, pamene kujambula n'kosayenera. Mukambirane awirinu ngati mitima yanu yakonzekera zimenezo.

Tsopano nkhani ya sitima, imene ndiyo msana wa ulendo wonse. Matikiti a Indian Railways amagulitsidwa pa webusaiti ya IRCTC, ndipo kuyambira Novembala 2024 amatsegula masiku 60 ulendo usanafike. Ndiye kuti za pakati pa Disembala muzigula pakati pa Okutobala. Anthu oyenda pa sitima ku India ndi ochuluka zedi, ndipo malo a m'sitima zotchuka amatha msanga. Akaunti ya IRCTC mutsegule mwezi umodzi zisanafike pamenepo, chifukwa kulembetsa ndi nambala ya foni yakunja komanso kulipira ndi khadi ya banki ya kwathu nthawi zina kumavuta. Zikakanika, hotela imene mwasungitsa ingathe kukugulirani, inu n'kuwonjezera kangachepe.

Tikiti ikatuluka, yang'anitsitsani zilembo zake. CNF ndiye kuti malo anu ndi otsimikizika. RAC ndiye kuti mukwera, koma bedi limodzi mugawana ndi munthu wina, mokhala tsonga. WL ndiye kuti muli pa mzere wodikira, ndipo tikiti ya pa intaneti ikakhalabe pa WL mpaka tsiku la ulendo, simuloledwa kukwera nayo. Ulendo wa masabata awiri musaumange pa WL. Palinso malo ochepa amene amasungira alendo akunja m'sitima zina, ndiponso matikiti a Tatkal amene amatsegula tsiku limodzi ulendo usanachitike, 10 koloko m'mawa pa mabogi ozizira a AC, koma amenewo amatha m'mphindi zochepa.

Pa maulendo a masana gulani CC, mipando yabwino ya m'bogi yozizira. Gatimaan Express imanyamuka pa siteshoni ya Hazrat Nizamuddin m'mawa n'kufika ku Agra Cantt patatha mphindi pafupifupi 100. Onani bwino dzina la siteshoni, chifukwa Delhi ali ndi masiteshoni akuluakulu angapo ndipo ndi otalikirana. Mukafuna kulawa ulendo wa usiku, tengani 2A kapena 3A. Mu 3A mabedi amasanjikana atatu mbali iliyonse, lapakati amalipinda masana kuti anthu akhale pa lapansi. Wantchito amabweretsa nsalu zofunda ziwiri zochapa m'phukusi la pepala, bulangete ndi pilo. Kusanache mumamva mnyamata akudutsa ndi ketulo akuitana kuti "chai, chai", tiyi wamkaka wa shuga wambiri m'kakapu kakang'ono. Pogula, pemphani bedi lapansi ngati mawondo savomera makwerero. Kalasi ya Sleeper ndi yotchipa, koma zofunda sapereka, ndipo mu Disembala mphepo imalowera m'mawindo usiku wonse.

Pa siteshoni ya New Delhi pali chinyengo chimodzi chimene chagwira alendo ambiri, ndipo ndikufuna muchidziwe musanafike. Mukutsika m'takisi ndi zikwama, munthu wovala bwino, nthawi zina ali ndi kabaji pachifuwa, amakuimitsani pa chipata n'kupempha tikiti. Akaiona amapukusa mutu, amvekere sitima yanu yaimitsidwa chifukwa cha chifunga, ofesi ya alendo yatsekedwa, koma akuperekezani ku ofesi ya boma m'tauni. Kumeneko amakugulitsani ulendo wa galimoto wa ndalama zambirimbiri. Dziwani kuti pa chipata kawirikawiri amangounika katundu pa makina. Tikiti amaiona woyang'anira m'sitima momwemo, itanyamuka kale, pamodzi ndi pasipoti yanu. Dutsani, kaoneni bolodi la m'kati, kapena lembani nambala ya PNR ya manambala 10 ya pa tikiti yanu pa foni, ikuuzani zoona zake.

Ku Agra mugone usiku umodzi, musangopita n'kubwerera. Taj Mahal amatseka Lachisanu lililonse, ndipo ambiri amagwa nazo. Alendo akunja amalipira kwambiri kuposa eni dziko, ndalama zopitirira 1,000 rupee munthu mmodzi, kuphatikiza ina yapadera yolowera m'manda enieniwo. Ambiri adzakuuzani kuti mulawire mbandakucha, koma mu Disembala chifunga chimatha kubisa nyumba yonseyo mpaka dzuwa litakwera, choncho dzisiyireni mpata wopita chakumasana. Mfumu Shah Jahan anayamba kuimanga mu 1632 pokumbukira mkazi wake Mumtaz Mahal amene anamwalira pobereka mu 1631. Mukapitenso ku Agra Fort, kumene Shah Jahan anatsekeredwa ndi mwana wake Aurangzeb mpaka anamwalira mu 1666. Kuchokera pa khonde la kumeneko Taj imaoneka patali m'mbali mwa mtsinje wa Yamuna, ndipo nkhani yonse imamveka bwino mukaima pamenepo. Popita ku Jaipur pa galimoto mutha kuima ku Fatehpur Sikri, mzinda umene mfumu Akbar anamanga, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Agra. Ku Jaipur masiku awiri akwana kuona Amber Fort, Hawa Mahal ndi misika ya nsalu.

Za mapepala. Amalawi amaloledwa kupempha e-Visa pa intaneti, pa webusaiti ya boma la India yokha, imene dzina lake limathera ndi gov.in. Alipo mawebusaiti ena ooneka ngati a boma amene amalipiritsa kawiri kapena katatu. Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala komanso masamba awiri opanda chidindo. Popeza mudzera ku Ethiopia kapena ku Kenya, mayiko amene India amawawerengera kuti kuli yellow fever, kabayitseni katemera wake masiku 10 kapena kuposerapo musananyamuke, ndipo kabuku kachikasu kaja kakhale m'chikwama cha m'manja. Mukafunsenso ku High Commission ya India ku Lilongwe za chiphaso cha katemera wa poliyo, poti India amachifuna kwa anthu ochokera kumene matendawa anaonekako, ndipo kwathu kuno anapezeka mu 2022.

Ndalama zakunja ndi nkhani imene inu mukuidziwa bwino mmene ikuvutira. Kwacha simungaisinthe ku India, ndiye yambani msanga kufunsa ku banki yanu za madola ndi malire a khadi yanu kunja. Eni dziko amalipira pafupifupi chilichonse ndi foni kudzera pa UPI, koma mlendo sailowa mosavuta, choncho muziyenda ndi marupee a m'manja, makamaka a 100 ndi 50, a mabajaji ndi tiyi. Simu khadi ya Airtel kapena Jio mugule pa bwalo la ndege ndi pasipoti, kuti Uber ndi Ola, zoitanira takisi pa foni, zikugwirireni ntchito, mupewe kukangana mitengo. Delhi Metro, sitima ya mumzinda, ndi yaukhondo, yotchipa, ndipo ili ndi bogi ya amayi okhaokha. Pa ndege za m'dziko momwemo katundu wololedwa kawirikawiri ndi makilogalamu 15, choncho nsalu ndi zonunkhiritsa ndiwo mugule kumapeto.

Pali china chimene mabuku a alendo satchula kawirikawiri, chifukwa salembera ife. Munthu wakuda ku India amayang'anidwa kwambiri, ena amapempha kujambulitsa nanu, ena amajambula osapempha. Zambiri ndi chidwi chabe, ndipo mudzakumana ndi anthu okoma mtima amene adzakugawirani chakudya chawo m'sitima. Koma tsankho liliko, ndipo mu 2017 ophunzira a ku Nigeria anamenyedwa ndi gulu la anthu ku Greater Noida pafupi ndi Delhi. Musayende usiku m'malo osawadziwa, nambala yangozi ndi 112. Hotela iliyonse imayenera kulembetsa mlendo wakunja ku boma, ndipo zina zing'onozing'ono zimakana alendo akunja pothawa ntchito imeneyi. Musanalipire, alembereni uthenga wonena kuti muli ndi mapasipoti a Malawi, akuyankheni molemba.

Chakudya musachiope. Idyani pamene pali anthu ambiri, chophikidwa inu mukuona ndipo chotentha. Thali, mbale ya mpunga, chapati, dal ndi ndiwo zingapo, imakhutitsa pa mtengo wochepa. Madzi akhale a m'botolo lomata, ndipo tengani ORS ndi mankhwala othamangitsa udzudzu.

Tikiti ya ndege mugule yolowera ku Delhi ndi kutulukira ku Mumbai, kuti mukachoka ku Kochi musabwererenso kumpoto. Mukatero Mumbai wa pa mndandanda wanu uja mumuonako tsiku limodzi, Gateway of India ndi siteshoni yakale ya Chhatrapati Shivaji. Ndipo mufike ku Mumbai dzulo lake, mugone komweko. Ndege ya ku Kochi ikachedwa tsiku lomwelo lobwerera kwanu, a ndege ya ku Addis Ababa kapena Nairobi sadzakudikirani, ndipo popeza matikitiwo munagula padera, yatsopano mudzalipira nokha.